Imfa ya Janani Luwum: 16 kapena 17 February?

Ku Uganda tsiku la 16 February ndi la tchuthi, lokumbukira Janani Luwum, mkulu wa mabishopu a Anglican amene anaphedwa mu 1977. Koma mpingo wa Anglican ku England umamukumbukira pa 17, tsiku limene wailesi ya boma la Idi Amin inalengeza kuti wafa pangozi ya galimoto.

Luwum anali mwana wa chitsitsimutso cha Abalokole, kutanthauza "opulumutsidwa", chimene chinafala m'ma 1930 kuchokera ku Gahini, ku Rwanda. Anthuwa ankaulula machimo pagulu, kubweza zimene anaba, ndiponso kudzudzulana maso ndi maso. Mpingo womwe unkatopa nawo: mu 1941 sukulu ya ubusa ya ku Mukono, ku Uganda, inachotsa ophunzira oposa 20 amene anakana kusiya mapemphero a m'mbandakucha. Luwum anatembenuka mtima mu January 1948 ali mphunzitsi, ndipo anakhala mkulu wa mabishopu mu 1974.

Ena ankamunena kuti amapitapita kwa Amin. N'zoona ankapita, koma nthawi zambiri kunali kukafunsa za anthu amene asowa.

Zinthu zinafika poipa usiku wa pa 5 February 1977, asilikali atathyola nyumba yake ku Namirembe, mumzinda wa Kampala, ati kufuna mfuti. Mabishopu anayankha ndi kalata yodandaula za kuphedwa ndi kusowa kwa anthu, Luwum n'kukaipereka kwa Amin. Pa 16 anaitanidwa kumsonkhano ku Kampala. Mfuti zinayalidwa pabwalo, ndipo kunawerengedwa chikalata chonena kuti Milton Obote, mtsogoleri wakale wa Uganda amene Amin anamulanda boma, yemwe panthawiyo anali ku Tanzania, anazitumiza kudzera mwa iye. Poti Luwum anali wa mtundu wa Acholi, umene Amin ankaukayikira kale, mlanduwo unali wogamulidwa usanayambe. Asilikali anakuwa kuti aphedwe. Madzulo mabishopu ena anauzidwa kuti azipita, iye n'kutsala.

Boma linati Luwum ndi nduna ziwiri, Erinayo Oryema ndi Charles Oboth Ofumbi, anafa polimbana ndi dalaivala panjira. Henry Kyemba, nduna ya zaumoyo panthawiyo, atathawa m'dzikomo ananena kuti mitemboyo inali ndi mabala a zipolopolo. Wina anganene kuti munthu wothawa amakhala ndi chifukwa choipitsira bwana wake wakale, koma mawu ake akugwirizana ndi a anthu a ku Mucwini, kwawo kwa Luwum, amene anatsegula bokosi limene asilikali anabweretsa litakhomedwa. Pamene mboni zimasiyana ndi pa funso lakuti anawombera ndani, Amin mwini kapena anyamata ake.

Bishopu Festo Kivengere anathawira ku Rwanda kudzera m'mapiri. Otsalawo, mu June chaka chomwecho, anasonkhanabe ku Namirembe kukondwerera zaka 100 chifikire amishoni oyamba a Anglican, a bungwe la Church Missionary Society (CMS).