Thangata, matenanti ndi chiletso cha fodya ku America

Pa 1 Novembala 2019, nthambi ya boma la America yoona za katundu wolowa m'dzikolo inalamula kuti fodya aliyense wochokera ku Malawi azigwidwa padoko mpaka mwini wake atapereka umboni woti sanalimidwe ndi anthu ogwira ntchito mokakamizidwa kapena ndi ana. Ambiri kuno anadabwa ngati kuti nkhaniyi yagwa kuchokera kumwamba, chonsecho lamulo lomwe Amereka anagwiritsa ntchito ndi la 1930, ndipo mchitidwe womwe ankaudandaulawo ndi wakale kuposa lamulolo.

Lamulo la 1930 linkaletsa ndithu katundu wopangidwa ndi akaidi kapena anthu okakamizidwa, koma linali ndi kakhomo kakumbuyo: ngati katunduyo sankapangidwa wokwanira m'dziko la America momwemo, ankaloledwa kulowa ngakhale atapangidwa ndi anthu okakamizidwa. Kakhomoka kanatsekedwa mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo ziletso zinayamba kugwa motsatizana, china mwa izo n'kugwera fodya wathu.

Kuno kwathu nkhaniyi inayambira kumapiri a m'chigawo chakummwera, m'zaka za m'ma 1890, pomwe boma la atsamunda linapatsa azungu zikalata za umwini wa malo akuluakulu. Munthu wokhala pamalo otere ankalipira lendi ndi thukuta lake, mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo popeza wowerenga masiku anali kapitawo wa bwana yemweyo, mwezi unkatha kutalika mpaka munda wa munthuyo kumera thengo. Imeneyi ndiyo thangata. Omwe anaimva kuwawa kwambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe analibe mfumu kapena malo othawirako akathamangitsidwa. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero nkhanza zinafika poti anthu a John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, mmodzi mwa oyamba kuphedwa anali William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Komabe thangata inapitirira mpaka 1962.

Thangata isanathe n'komwe, m'chigawo chapakati munali mutamera kale njira ina, ya matenanti, yomwe inakula kwambiri dziko litalandira ufulu, pomwe fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa pa maesiteti pokha kufikira cha m'ma 1990. Kayendetsedwe kake n'kofunika kukaonetsetsa, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepa. Banja limatengedwa pa lole kuchokera ku Mulanje, Phalombe kapena Machinga kupita ku Kasungu, Mchinji kapena Rumphi, n'kupatsidwa ndime, mbewu, feteleza, khasu ndi chimanga cha phoso, zonsezo zikulembedwa m'kabuku ngati ngongole. Malipiro a pamwezi palibe. Tenanti amafesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa, kenaka n'kugulitsa fodyayo kwa mwini esiteti yekhayo, pa giredi ndi mtengo zomwe mwiniyo wanena, ndipo ndalama amaziona mabelo akagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Akachotsera za m'kabuku zija, ena amatsala ndi kangachepe, ena amauzidwa kuti ngongole yatsalako, ndiye kuti chaka chinanso ali pomwepo, poti ngakhale ya basi yobwerera kwawo alibe. Ntchito ikachuluka, makamaka nyengo yothyola ndi yosoka, ana nawo amalowa m'munda, n'kumadwala mutu ndi mseru chifukwa cha chikonga cholowera pakhungu masamba akakhala onyowa. Palibe unyolo, palibe chikoti, koma malamulo a bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO amawerengera ngongole yomanga munthu chotere m'gulu la ntchito yokakamiza.

Bilu yofuna kukonza za matenanti inakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri osafika pokhala lamulo, ndipo sizovuta kuona chifukwa chake m'dziko lomwe akuluakulu ambiri anali ndi maesiteti awoawo. Zinthu zinathamanga msika utagwedezeka. M'mwezi womwewo wa Novembala 2019 Malawi inavomereza pangano la ILO la 2014 lolimbitsa nkhondo yothetsa ntchito yokakamiza, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuletsa ntchito ya utenanti. Kumbali ya America, kampani za Alliance One ndi Limbe Leaf zinachotsedwa pa chiletso mu 2020, Premium Tobacco mu 2021, zitaonetsa kuti zimatha kulondola fodya wawo kufika pa mlimi amene zinachita naye kontirakiti. Ku London nako, mu 2020, alimi ndi ana masauzande a ku Malawi anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands, omwe akukana mlanduwo, ndipo mu 2021 khoti linakana pempho loti uthetsedwe usanamvedwe.

Chovuta n'chakuti lamulo la 2021 likufuna kuti tenanti asanduke wantchito wolandira malipiro, pomwe mwini munda wamng'ono, amene naye amadikira msika kuti aone ndalama, alibe zolipira mwezi ndi mwezi, ndipo mtengo wa fodya samaika ndi iyeyo. Mlangizi wa kampani akafika pamunda amalemba dzina la mwini kontirakiti, osati la banja logona kuseri kwa chigafa. Bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lake mu 2024 loletsa kugulitsa katundu aliyense wopangidwa mokakamiza anthu, lomwe liyambe kugwira ntchito mu Disembala 2027, ndipo fodya wathu wambiri amatsikira kumeneko, makamaka ku Belgium, kuposa amene amapita ku America.