Phiri la Zomba ndi mkangano umene unabuka ku Chilenje

Chaka cha 2025 chinali cha 50 chichokereni likulu la Malawi ku Zomba kupita ku Lilongwe, ndipo achinyamata a mumpingo wathu kuno ku Chilenje mu Lusaka anapangana zosonkha ndalama kuti akaone phirilo. Nkhaniyi itafika kwa amalume anga, Mngoni wa kwa Mpezeni amene wakhala mu Lusaka zaka zambiri, anagwedeza mutu nati, "Ana inu, kumene mukupita kukapumako n'kumene kunachokera mfuti zimene zinapha Nsingo." Achinyamatawo anati iwo akungofuna mphepo yabwino ndi zithunzi. Ine ndinapita nawo, koma mawu a amalumewo ndi amene anandichititsa kufufuza mbiri ya malowa.

Ulendo wake ndi wautali: basi ya ku Intercity, mlatho wa Luangwa, Chipata, chipata cha Mwami, Lilongwe, kenako kumwera. Chimene chimakudabwitsa ukayamba kukwera msewu wokhotakhota wa paphiripo ndi kuzizira, pakuti pamwamba pake pamafika pafupifupi mamita 2,000. M'mbali mwa msewu anyamata amakuthamangira ndi timbale ta masitiroberi, ndipo abambo amatsika ndi njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa mitu yawo, atakanikiza mabuleki ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu ngakhale kuli chisanu.

Azungu asanafike, kuno kunali Amang'anja, kenako Ayao a mafumu monga Malemia ndi Kawinga. Mzungu amene anayamba kukhazikika anali John Buchanan, yemwe anachotsedwa ku mishoni ya Blantyre pa nkhani ya kukwapula anthu, nabwera kudzalima khofi ndi nzimbe m'munsi mwa phirili. Iyeyu ndiye anamanga nyumba ya kazembe wa Britain cha m'ma 1886, imene pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola.

Zinthu zinatembenuka mu 1891, pamene Harry Johnston anasankhidwa kukhala bwanamkubwa woyamba wa dziko limene lero ndi Malawi ndipo anakana kukhazika boma lake ku Blantyre. Mabuku amapereka zifukwa zosiyanasiyana. Zolemba za Johnston mwini zimatama kukongola kwa malowa ndi madzi a mtsinje wa Mulunguzi osaphwa chaka chonse. Ena amati ankafuna kukhala pafupi ndi njira za ogula akapolo kuti azitseke, ndipo ena amati ankathawa amishoni ndi amalonda a ku Blantyre amene sankagwirizana naye. Ine ndimaona kuti zifukwa zitatuzi sizitsutsana, koma choyambacho ndimachilandira mosamala, chifukwa munthu akamalemba za iye yekha sachedwa kusankha chifukwa chokoma m'makutu. Chodziwika bwino n'chakuti anabweretsa asilikali achisikhi kuchokera ku India, anakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo pofika mu 1895 Kawinga anali atagonjetsedwa.

Apa m'pamene mbiriyi imatikhudza ife a ku Zambia, ngakhale ambiri sitinaiphunzire motero kusukulu. Kuyambira mu 1891 mpaka 1895, Johnston yemweyo ankayang'aniranso dziko la kumpoto kwa Zambezi m'malo mwa kampani ya Cecil Rhodes, imene inkamupatsa mapaundi 10,000 pa chaka. Ndiye kuti pa mapepala, kwathu kum'mawa kunkalamulidwa kuchokera m'tsinde mwa phiri limeneli, Lusaka asanalotedwe n'komwe. Kenako kunabwera mbiri yakuti m'dziko la Mpezeni, mfumu ya Angoni, muli golide. Carl Wiese, Mjeremani amene ankati mfumuyo inamupatsa chilolezo cha malo, anagulitsa chilolezocho, ndipo a kampani ya North Charterland analowa m'dzikomo. Angoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anakana. Mu January 1898 asilikali a boma la ku Zomba anawoloka ndi mfuti za Maxim, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anawomberedwa, ndipo Mpezeni anatengedwa kukasungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi Mchinji, pa njira yomweyo imene basi yathu inadutsa. Golideyo sanapezeke monga ankayembekezera. Mwambo wa Angoni wa Nc'wala unazilala kufikira pamene unatsitsimutsidwa mu 1980. Pa mfundo imeneyi amalume sananame.

Zaka zotsatira zinali za maofesi, bwalo la gofu, mitengo ya paini imene inabzalidwa pamwamba pa phiri, nsomba za trout m'mitsinje, ndi tinyumba topumirako akuluakulu a boma nthawi yotentha. Kamuzu Banda anasamutsa likulu mu 1975, ngakhale nyumba ya malamulo inatsalabe ku Zomba mpaka m'ma 1990.

Wotiperekeza, mnyamata wa m'mudzi wa pafupi, anatitengera ku Queen's View, kumene anaima mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi ku Emperor's View, kumene anaima Haile Selassie mu 1965. Poyang'ana pansi timaona chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Alendo amene anaima pamenepo kanthawi kochepa mayina awo anatsala, pamene amtengatenga ndi onyamula machila amene anakweza azungu ndi katundu wawo phiri lonseli, zolembedwa za atsamunda zimangowatchula ndi chiwerengero. Dzina lachikuda limene tinalimva kwambiri ndi la dzenje la Chingwe, ndipo nalonso nkhani zake n'zosagwirizana: ena amati mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo akhate, ndipo zonsezi n'zapakamwa.

Mtsikana wina wa m'gulu lathu anafunsa wotiperekezayo ngati zakalezo sizimupweteka mtima. Iye anaseka, nati chimene chimamupweteka ndi moto wolusa ndi macheka amene akumeta phirili, chifukwa mitengo ikatha alendo sadzabweranso, ndipo madzi a damu la Mulunguzi amene tauni imamwa adzachepa.

Titabwerera ndinawaonetsa amalume zithunzi za pafoni. Anaziyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, kenako anafunsa ngati kumeneko kuli chipilala cha asilikali. Ndinati chilipo, cha King's African Rifles, pafupi ndi msewu wolowera m'tauni, chokumbukira amene anafa pa nkhondo yaikulu ya 1914. Anandibwezera foniyo, nati mu February ndidzawaperekeze ku Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambo wa Nc'wala.