Dzina la Hastings silinayambe ndi nkhondo ya 1066

Ena amanena kuti dzina la Hastings linabadwa pa nkhondo ya mu 1066 ku England, yomwe imatchedwa Nkhondo ya ku Hastings, ndipo limatanthauza "wopambana". Izi sizoona.

Hastings ndi tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Sussex, dera la kummwera kwa England. Dzinali linachokera kwa Hæstingas, kutanthauza anthu a Hæsta, mtundu womwe unkakhala kumeneko zaka mazana angapo William wa ku Normandy, yemwe anapambana nkhondo ya mu 1066, asanafike. Ngakhale nkhondoyo sinachitikire m'tauniyo: anamenyana pamtunda wa makilomita pafupifupi 11, pomwe lero pali tauni ya Battle.

Ochokera m'tauni ya Hastings ankatchedwa "a ku Hastings", kenako linasanduka dzina la banja, mpaka makolo anayamba kupatsa ana. Kuno kwathu timalidziwa bwino chifukwa cha Hastings Kamuzu Banda.