Bemberezi sadya mitengo ya denga, komanso mulibe uchi m'menemo

Ndatopa nayo nkhani iyi abale, kuyambira ndili mwana ku Mufakose ku Harare mpaka pano anthu akumanenabe kuti bemberezi amadya mitengo ya denga, ati mkatimo amasungamo uchi ndipo akakuluma basi wapita. Ayi ndithu.

Bemberezi ndi njuchi yakwathu konkuno, kungoti sakhala m'chigulu ngati njuchi za mumng'oma. Wamkazi ndi wakuda uja wa mizere iwiri yachikasu kapena yoyera kumsana, ndiye amaboola mtengo wouma, amaikamo mungu ndi dzira kenako nkutseka ndi utuchi, chipinda ndi chipinda. Chakudya chake ndi cha m'maluwa. Wamwamuna ndi wachikasu thupi lonse, amangozungulira kukuopsezani koma alibe mbola olo pang'ono. Wamkazi ali nayo, koma amaluma pokhapokha mwamugwira.

Musanatumize mphekesera zija mu gulupu ya pa foni tadzionereni kaye nokha. Yang'anani pansi pa kabowo kaja, mupeza utuchi waunjikana, umene wataya osati kudya. Nthambi yakale yobooka mukaing'amba muona timipira ta mungu, uchi mulibe. Komanso mmawa kaimeni pa maluwa a nyemba kudimba muone amene akugwira ntchito pamenepo.