Mukamasankhira mwana wa autism sukulu ya mkaka, yambani mwaona mlezi

Mayi wina wa ku Ngabu anandipeza tsiku lina nditaweruka, mwana wake wa zaka zinayi akumukoka chitenje. "Aphunzitsi, mwanayu andibwezera kawiri konse. Akuti samva, saimba nawo, amangothawa. Ndimupititse kuti?" Mnyamatayo sanandiyang'ane n'komwe. Anakhala pansi, n'kutulutsa zitsekerero za mabotolo m'thumba la kabudula, n'kuyamba kuzindandalika pamzere, zofiira pazokha. Ndaphunzitsa ana ofunika chithandizo chapadera kuno kuchigwa cha Shire kwa zaka zambiri, ndipo funso limeneli silitha teremu osandipeza.

Autism ndi chibadwa, mmene ubongo wa mwana unakulira. Mwana wotere mukamuitana dzina kawirikawiri satembenuka, saloza chinthu kuti inunso muchione, amabwereza mawu amodzimodzi, amakupiza manja, amatseka makutu pakakhala phokoso. Ena amalankhula bwinobwino, ena salankhula n'komwe. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linayerekezapo kuti mwa ana pafupifupi 100, mmodzi amakhala wotere, choncho m'midzi mwathumu alimo ndithu. Chimene chimandiwawa n'chakuti bambo akangokhala ndi kagolosale pa Nchalo, anthu amayamba kunong'onezana kuti anamukhwimira mwanayo. Si ufiti, si katemera wa kusikelo, ndipo mayi sanalakwitse kulera.

Musanafunefune sukulu, mupimitseni makutu. Mwana wosamva ndi mwana wa autism amafanana pa zina, koma thandizo lawo n'losiyana. Yambirani pachipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo iwo angakutumizeni ku Queens ku Blantyre, kumene kuli oyeza makutu ndi madokotala a ana. Ngati mwana amakomoka kapena kugwa, nenaninso, chifukwa khunyu limapezeka kawirikawiri mwa ana amenewa ndipo mankhwala ake alipo.

Ambirife sukulu imene tili nayo pafupi ndi ya mmera mpoyamba, imene mudzi umayendetsa wokha, moyang'aniridwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma. Alezi ake ambiri ndi ongodzipereka, ndipo maphunziro amene analandira ndi a masabata ochepa. Aphunzitsi ochokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi, amene anaphunzira za ana otere mwakuya, mumawapeza makamaka kupulayimale. Ndiye chikwangwani cha penti yowala pageti chisakutengeni mtima, ngakhale fizi yake ikhale yokwera bwanji. Chimene mukusankha kwenikweni ndi munthu amene adzakhale ndi mwana wanu m'mawa wonse.

Pitani osapangana nawo tsiku, mukhale pakhonde mpaka nthawi ya phala. Maso anu akhale pa mwana amene watsalira kumbuyo, wosaimba nawo uja. Mlezi amatani naye? Ndinaonapo mayi wina wachikulire, sukulu yake ya udzu, zidole zake zadongo. Mwana atakana kulowa m'bwalo la nyimbo, mayiyo sanamukoke dzanja. Anagwada pambali pake, n'kutola mwala umodzi, n'kuwonjezera pamzere wa miyala imene mwanayo amaika, n'kunena mawu amodzi okha: "Wina." Anadikira. Patapita kanthawi mwanayo anamupatsa mwala m'manja. Kuphunzitsa mwana wa autism kumayambira pamenepo: kulowa m'masewera ake, mawu ochepa, ndi kudikira yankho mosafulumira.

Kenako mufunseni mlezi mosabisa: "Mwana akadzigwetsa pansi n'kumakuwa, mumatani?" Akati amamuopseza ndi kamtengo, kapena amamutsekera m'chipinda kuti aphunzirepo, tsanzikani. Akayamba kukufunsani inuyo kuti chimamukwiyitsa n'chiyani, kunyumba mumamutonthoza bwanji, amenewo ndi oyenera kukambirana nawo. Mwana wa autism akamakuwa chonchi si mwano ayi, amakhala kuti phokoso, kutentha kapena kusintha kwadzidzidzi kwamukulira. Werenganinso ana, muone ngati mlezi mmodzi angathe kuwaona onse.

Kuno malo enieniwo ndi nkhani yaikulu. Mu Okutobala chipinda cha malata chimasanduka ng'anjo nthawi isanakwane 10 koloko, ndipo ana makumi angapo akamaimba mofuula mmenemo, makutu a mwana wotere amawawa kwenikweni. Pakhale mthunzi, kaya pansi pa mtengo, pomwe angakapumire wina akumuona, ndiponso madzi akumwa. Ndiye za madzi enawa ndimazinena ndi mtima wonse: ana ambiri a autism amachoka mwakachetechete, ndipo amakopeka ndi madzi. Ngati sukulu ili pafupi ndi Shire, ngalande za m'minda ya nzimbe, chitsime chosatseka kapena msewu wa M1, funsani kuti amayang'anira pakhomo ndani. Bola sukulu yotalikirako pang'ono koma ya mpanda.

Ana amenewa mtima umakhala m'malo akadziwa chotsatira. Zithunzi zojambula pakatoni, china cha kusamba m'manja, china cha phala, china cha kupita kunyumba, zimagwira ntchito kuposa kulongosola kwautali. Muuzeni mlezi mawu amene mwana amagwiritsa ntchito akafuna madzi kapena kuchimbudzi. Ngati kunyumba mumalankhula Chisena, musasiye poopa kumusokoneza, ingomuuzani mlezi mawu ake a Chisenawo. Akamakana phala lothira nsinjiro asamukakamize, mutha kumunyamulira chimene amadya. Ndipo poti madzi osefukira amatisokoneza pafupipafupi, monga namondwe wa Freddy anachitira mu Malichi 2023 pamene sukulu zambiri zinasanduka misasa, sunganinso zithunzi zomwezo kunyumba kuti ndondomeko ya tsiku isatayike sukulu ikatsekedwa.

Akakukanirani mwana chifukwa cha mmene alili, dziwani kuti lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa tsankho pamaphunziro. Kadandauleni ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndipo bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM lingakulumikizeni ndi makolo anzanu. Akamayandikira zaka 6, kaonaneni ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'dera lanu, kuti akuuzeni pulayimale imene ili ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera.

Mayi wa ku Ngabu uja ndinamulangiza kuti ayambe ndi ola limodzi patsiku, iye atakhala chapafupi, kenako aziwonjezera pang'onopang'ono. Sukulu yachitatu inamulandira. Mlezi wake anapeza kachitini kosungiramo zitsekerero zija, ndipo mnyamatayo akafika m'mawa amayamba wakatenga pawindo, kenako n'kukhala pamkeka pomwe pali anzake.