Manambala a Oponya Mpira Akale a Baseball: Tiziwawerenga Mosamala

Mu baseball, woponya mpira ndiye mwini bwalo. Amaima pakati, n'kumaponyera mdani wake amene wagwira ndodo yomenyera, ndipo masewero amodzi amakhala ndi zigawo 9. Masiku ano ku America woponya akafika zigawo 200 pa chaka, amamuombera m'manja. Tsono tamvani za Charles Radbourn wa timu ya Providence Grays. Mu 1884 anaponya zigawo zoposa 678, anamaliza yekha masewero 73 popanda womulandira, n'kupambana osachepera 59. Munthu wakeyo sanali chiphona ayi: msinkhu wake unali masentimita 175, kulemera makilogalamu pafupifupi 76. Bobby Mathews anali wamfupi koposa apa, masentimita 165 okha, koma pa moyo wake anapambana masewero 297.

Ife ogwira ntchito ya ziwerengero zamasewero timafunsidwa kawirikawiri ngati anthu akalewo anali amphamvu kuposa a lero. Ndimayankha kuti ankasewera masewero ena, dzina lokha ndilo limodzi.

Chaka cha 1884 chisanafike, ligi yaikulu ya baseball ku America ya National League sinkalola mkono wa woponya kukwera kupitirira phewa, ndipo m'zaka zoyambirira mpira unkaponyedwa cham'munsi. Kuponya kotere sikupweteka phewa ngati kwa masiku ano. Mtunda wa pakati pa woponya ndi womenya nawo unali waufupi, mamita 13.7 okha mpaka 1880. Choseketsa n'chakuti womenya ankachita kuuza woponya kuti akufuna mpira wam'mwamba kapena wam'munsi, ndipo lamuloli linachotsedwa mu 1887. Matimu ankakhala ndi oponya odalirika awiri basi, mwinanso mmodzi. Radbourn anasenza mtolo wonse chifukwa mnzake Charlie Sweeney anachoka pa timu mu July chaka chomwecho. Ndiye zigawo 678 zija zikutiuza za kupirira kwake, inde, komanso za kusowa womulandira.

Mikono italoledwa kukwera, mpira unayamba kuthamanga, womenya n'kumangophonya. Amos Rusie wa New York, wamtali masentimita 185, ankaponya moopsa kwambiri. Mu 1893 akuluakulu a ligi anamubweza woponya m'mbuyo ndi mita imodzi ndi theka, mtunda n'kukhala mamita 18.44, womwe ulipo mpaka lero. Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 1892, pa mipata 1,000 iliyonse yomenya mpira, omenya ankamenya bwino maulendo 245. Pofika 1894 anafika pa 309.

Amene ndimamugomera ndi Cy Young, chifukwa anadutsa mbali zonse ziwiri za kusinthaku. Anayamba mu 1890 pa mtunda wakale, n'kupitiriza pa watsopano mpaka 1911. Anali wamtali masentimita 188, wolemera makilogalamu pafupifupi 95, thupi loti ngakhale lero silingaoneke lachilendo pabwalo. Anapambana masewero 511, ndipo wachiwiri kwa iye pa chiwerengerochi, Walter Johnson, analekera pa 417.