Kusponsa bonanza: ndalama zanu zisathere pa banner ya pampanda

Makalata opempha thandizo sasowa m'mashopu. Komiti ya mpira, kwaya ya kutchalitchi, sukulu yomwe ikukonza tsiku la masewero, onse amabwera ndi mawu amodzimodzi akuti "bwana tithandizeni, dzina lanu lidzamveka". Ndiye mwini hadiweya amatulutsa ndalama, n'kukapangitsa banner, tsikulo likafika banner ija amakaimanga pampanda kuseri kwa golo pamodzi ndi zinzake zambirimbiri, anthu n'kuima kutsogolo kwake poti ndi pomwe pali kamthunzi. Mawa lake shopu ili zii ngati kale, basi akuti kusponsa n'kutaya ndalama.

Ine ntchito yanga ndi yolangiza mabizinesi ang'onoang'ono pa nkhani yotsatsa malonda, ndipo funso langa loyamba limakhala loti mukupereka chithandizo kapena mukugula malo? Zonse ndi zabwino, kuthandiza kwanu komwe si kulakwa. Koma ngati mukufuna makasitomala ndiye kuti mukugula, ndipo wogula amafunsa kuti ndalama yangayi nditenga nayo chani.

Taonani mmene amachitira akuluakulu. TNM inayamba kusponsa Super League mu 2007, Airtel inabwera ndi Top 8 mu 2017, FDH Bank n'kubweretsa chikho chake mu 2021. Onsewa sanakhutire ndi chikwangwani cha m'mbali mwa bwalo ayi, analowetsa dzina lawo m'dzina la mpikisano weniweniwo, moti woulutsa mpira pawailesi ngakhale asafune amalitchulabe, ndipo amabwereza chaka ndi chaka mpaka lizolowereke mkamwa mwa anthu. Inuyo ndalama za TNM mulibe, koma bonanza ya matimu anayi pa trading centre panu mukhoza kuitenga yonse, chikho n'kumatchedwa dzina la shopu yanu. Kwa ine zimenezo zimaposa kukapanikiza kalogo kanu pansi pa posita ya Sand Music Festival pomwe palibe angakaone.

Musanavomere funsani kuti kudzabwera ndani. Wogulitsa mbewu ndi feteleza amapindula ndi zochitika za mu Okutobala mvula isanagwe, pomwe alimi akuganiza zodzala. Wa malata ndi simenti ayang'ane miyezi yokolola, fodya ndi soya zikagulitsidwa anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Wa saluni mwina mpira wa anyamata sumuthandiza kwenikweni, apite ku ntchemberembaye komwe kuli azimayi ndi atsikana. Ndipo ngati chikhocho chili ndi fungo la ndale, ganizani kawiri, makasitomala anu si achipani chimodzi.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa kaperekedwe. Kashi mukapatsa komiti imasungunuka mu transipoti ndi zakumwa za oimbira, palibe amaiona. Perekani katundu wanu yemwe. Wahadiweya apereke wilibala kapena malata ngati mphoto, aziike pakati pa bwalo kuyambira m'mawa anthu azizizungulira n'kumafunsa kuti zachokera kuti, ndipo popereka mupereke nokha ndi manja anu, osatuma mwana. Yunifomu yolembedwa dzina la shopu ndi nambala ya foni kumsana ndiye yabwino koposa, chifukwa timu ija idzaivala sizoni yonse, m'midzi yomwe inuyo simunafikeko n'komwe.

Kenako MC. Munthu wogwira chimkuzamawu uja ndi wofunika kuposa banner iliyonse, koma mukamusiya yekha adzangoti "tithokoze masponsa athu onse" basi zatha. Mulembereni kapepala, dzina la shopu, zomwe mumagulitsa, ndi malo ake mmene anthu amalondolerana, monga moyang'anana ndi chigayo kapena kuseri kwa depoti. Mugwirizane kuti adzatchula masewero asanayambe, pa hafu taimu ndi popereka mphoto. Zonsezi zilembedwe ngakhale papepala la m'kope, wapampando asainire, muonjezerenso kuti wina wogulitsa zofanana ndi zanu asadzaike tebulo lake pambali panu. Ena amaona ngati kulembetsa n'kusakhulupirirana, koma tsiku la bonanza komiti imakhala balalabalala, zapakamwa zimaiwalika.

Musapereke ndalama zonse kwa okonza, siyani zina zoyendetsera tsikulo kumbali yanu. Ikani tebulo pafupi ndi polowera, katundu wochepa wogulika msanga, nambala ya Airtel Money ndi Mpamba zolembedwa zikuluzikulu, ndi munthu wansangala osati wongokhalira foni. Amene akufuna kumalandira mitengo pa WhatsApp alembe okha nambala zawo, osawakakamiza. Zithunzi ziikeni pa status ndi pa Facebook madzulo omwewo nkhani ikadali mkamwa, ndipo mutumizirenso matimu kuti nawo agawe. Ngati kwanu kuli wailesi ya m'dera ngati Mudzi Wathu ku Mchinji kapena Dzimwe ku Mangochi, auzeni nthawi ikadalipo, mwina n'kulengeza zotsatira ndi dzina la chikho chanu.

Nanga mudziwa bwanji kuti zagwira? Gawani timapepala todinda chidindo cha shopu toti wobwera nako sabata ziwiri zikubwerazi mumuchotserako pang'ono, ndipo kasitomala wachilendo aliyense mumufunse kuti watidziwira kuti, muzilemba m'kabuku. Komiti ikadzabweranso chaka chamawa ndi kalata ina, mudzatsegule kabukuko musanayankhe.